Rimoti m'manja mwa mwana

Pali phokoso limene silichoka m'makutu mwanga ngakhale papita zaka ziwiri. Silinali lalikulu ayi. Linali "khu!" wa kachitsulo kolemera kogwa kuchokera patebulo, kenako tizidutswa tikugubuduka kulowa kunsi kwa mipando. Holo yonse ya tchalitchi inangoti zii. Mwana wa achemwali anga, wa zaka 7, anaima chilili rimoti ili m'manja, maso ali pa ine.

Amene ndinamupatsa rimotiyo ndine.

Kumene ndimapita Lachinayi

Ndimakhala m'tauni ina ya ku Midlands kuno ku England, ndipo ndimagwira ntchito ya usiku yosamalira okalamba. Lachinayi likandipeza ndili pa ofu, ndimapita ku kalabu ya anthu okonda tisitima ting'onoting'ono toyendera magetsi. Anzanga akumudzi akamva amati n'zidole, ndipo sindilimbana nawo. Ine ndinakulira ku Balaka. Sitima yochokera ku Limbe ikaliza hutala, tinkasiya mpira pabwalo n'kuthamangira kunjanji kukawerenga mabogi. Mu 2019 mnzanga wa kuntchito ananditengera ku chionetsero chachikulu cha tisitima toteroti ku NEC, holo yaikulu ya zionetsero ku Birmingham, ndipo ndinabwerako thupi lokha, mtima unatsala komweko.

Ku kalabu kwathu ambiri ndi azibambo opuma pa ntchito. Tili ndi tebulo lalitali mamita 7, pali siteshoni, mlatho, nkhosa zapulasitiki ndi njanji ziwiri zozungulira. Zonse ndi za muyeso umene kuno amautcha OO: chinthu chilichonse n'chochepetsedwa ka 76, ndipo pakati pa zitsulo ziwiri za njanji pali mamilimita 16.5 okha. Kamodzi pa chaka timanyamula zonsezi kupita nazo ku holo kuti anthu a m'dera adzaone. Chaka chimenecho ndinauza achemwali kuti andibwereke mnyamata wawo.

Loweruka lija

Mwanayu anaima pakona ya tebulo pafupifupi ola lathunthu, chibwano chili pathabwa, osapempha chilichonse. Ana a kwathu timawalera choncho, kuti zinthu za akuluakulu n'zoonera patali. Koma zala zake zinkayenda zokha, kutsatira mmene bambo wina ankapotokolera kagudumu ka pa rimoti.

Bambowo ndi achikulire, a zaka za m'ma 70 kumapeto. Injini imene ankayendetsa sanagule yopangapanga m'sitolo. Anailumikiza okha kalekale kuchokera ku tizidutswa ta chitsulo chofewa, kuwotcherera kamodzikamodzi, kupenta, kumata manambala. Atatopa anandipatsa rimoti kuti ndiwagwirireko, iwo akamwe tiyi. Sitima inali itaima pasiteshoni.

Ndinayang'ana mwana uja, ndinayang'ana rimoti. Ndinakumbuka galimoto zathu za mawaya. Ku Balaka munthu ukapinda galimoto yako, mnzako akati "ndiyendetseko", unkamupatsa chiwongolero mpaka pa mtengo wa mango n'kubwerera. Galimoto yongoonetsa inalibe ulemu pakati pathu.

"Bwera," ndinatero. "Upotokole pang'ono pokha, wamva?"

"Eya, Ankolo."

Anapotokola pang'ono monga ndinamuuzira. Kenako ndinaona chala chake chikupitiriza, n'kupitirizabe. Pamene ndimati nditsegule pakamwa, injini inali itanyamuka, mabogi asanu akutsatira, liwiro likukwera sekondi iliyonse. Inadutsa mlatho ngati mphepo. Mwana uja anabweza kagudumu konse m'mbuyo, ndinamuona ndi maso angawa. Sitima siinamvere. Inafika pakona ya kumapeto, inapendekeka, inachoka panjanji, ndipo m'mphepete mwa tebulo munalibe chotchinga chilichonse.

Eni ake anabwera kapu ili m'manja. Sanakalipe. Anagwada movutikira, anatola injini yawo, anatola chumuni imene inathyoka, n'kuyamba kufunafuna tina pansi pa mipando. Ndinapepesa kangapo konse. Anangogwedeza mutu. Madzi akatayika saoleka, ndipo tonse m'holomo tinkadziwa kuti injini ngati imeneyo sungaipeze pa shelefu.

M'galimoto pobwerera mwana anali zyoli, osalankhula. Tili pafupi kufika kunyumba ndi pamene anati:

"Ankolo, ine ndinapotokola pang'ono koma siinayende. Ndiye ndinawonjezera. Ndiye ndinabweza koma siinaime."

Ndinaimitsa galimoto pambali pa msewu. Mawu amenewo anandilowa, chifukwa ndinadziwa pomwepo chimene chinachitika. Mwanayu sanachite chibwana. Anachita chimene munthu aliyense wanzeru akanachita ndi chipangizo chimene sichikumuyankha.

Zimene zili m'mimba mwa injini

Tisitima tathu timayendera njira yotchedwa DCC. Inayambira ku kampani ya Lenz ku Germany cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo bungwe la okonda tisitima la ku America lotchedwa NMRA linaitenga kukhala muyeso wa onse m'zaka za m'ma 1990. Kale, ukafuna kuti sitima ithamange unkangowonjezera magetsi panjanji. Mu DCC magetsi amakhala panjanji nthawi zonse, cha m'ma volti 15, ndipo mauthenga amayenda m'magetsi momwemo. M'mimba mwa injini iliyonse muli kachipangizo kochepa ngati chikhadabo, decoder, kamene kali ndi nambala yakeyake. Rimoti ikanena kuti "nambala 47, yenda", injini zina zonse zimakhala ngati sizinamve.

Decoder ili ndi timabokosi ta manambala timene mwini wake amatha kusintha, timatchedwa CV. Atatu mwa timabokosi timeneti ndiwo anagwetsa injini ija. CV3 imauza injini kuti inyamuke mwaulesi bwanji. CV4 imaiuza kuti itenge nthawi yotalika bwanji kuti iime. CV5 imaika malire a liwiro.

Anthu okonda zenizeni amakweza kwambiri CV3 ndi CV4, chifukwa sitima yeniyeni yokoka katundu siidzambatuka ngati njinga yamoto, ndipo siiima pamene dalaivala wafunira. Pa muyeso wa NMRA, nambala imene waika mu CV3 ukaichulukitsa ndi 0.896 umapeza masekondi amene injini itenge kuchoka poima kufika pa liwiro lake lonse, ngakhale makampani ena amawerengera mosiyanako. Bambo aja anali ataika manambala akuluakulu m'mabokosi onse awiri, ndipo CV5 sanaikhudze. M'manja mwawo zimenezi n'zokongola: iwo amadziwa kuti ukapotokola uyenera kudikira, ndi kuti buleki umayamba kumanga ukadali kutali ndi siteshoni. M'manja mwa mlendo ndi msampha. Wapotokola, palibe chikuchitika, uwonjezera. Pamene sitima ikudzayamba kumvera, lamulo limene uli utapereka kale ndi lakuti ithamange mpaka pomaliza.

Liwiro lake nalonso limanyenga maso. Mu OO, sitima yoyenda masentimita 36 pa sekondi ikufanana ndi yeniyeni yothamanga makilomita 100 pa ola. Injini zambiri ukazitsegulira zonse zimapyola pamenepo, ndiye ganizirani kona yopindika ngati ija ya kumapeto kwa tebulo lathu.

Ndipo rimoti imene ndinapereka kwa mwanayo inali ya eni nyumba, yotha chilichonse. Inkatha kuitana injini iliyonse ya patebulo, kutembenuza polekanira njanji sitima ili pamwamba pake, kuzimitsa magetsi a aliyense, ngakhale kulowa mu decoder n'kusintha manambala. Zinali ngati kupatsa mlendo makiyi onse a nyumba pamene wangopempha madzi akumwa.

Msonkhano

Lachinayi lotsatira nkhani inali imodzi. Ambiri anati basi, kuyambira tsopano tizimanga chingwe kutalikitsa anthu mita imodzi kuchoka patebulo, ndi chikwangwani chakuti osagwira. Sindikuwanena. Injini ya m'sitolo yokhala ndi mawu imaposa mapaundi 200 masiku ano, ndipo ambiri mwa azibambowa amadalira penshoni. Wina anati titengere chitsanzo cha Miniatur Wunderland, nyumba yaikulu yoonetsera tisitima ku Hamburg ku Germany, imene inatsegulidwa mu 2001, kumene sitima zimayendetsedwa ndi makompyuta ndipo alendo amangodina mabatani oyendetsa tizinthu ta m'mbali. Anati tiike batani loyatsa nyali za m'tchalitchi cha patebulo, ana azidina limenelo.

Ine mtima unakana. Kumalo kofika anthu miyandamiyanda ngati kumeneko ndi mmene ziyenera kukhalira. Koma ife ndife anthu khumi ndi angapo m'holo ya tchalitchi, ndipo mlungu uliwonse timadandaula kuti achinyamata sakubwera, kuti kalabu idzafa ndi ife. Mwana amene wadina batani la nyali amapita kwawo ataona zinthu zabwino. Mwana amene waimitsa sitima pasiteshoni ndi dzanja lake amapita kwawo ali dalaivala. Si zofanana.

Ndinaimirira n'kunena kuti wolakwa ndine, chifukwa ndinapereka rimoti imene siinali yanga kwa munthu amene sanaiphunzire. Kenako ndinabwereza mawu a mwana aja a m'galimoto monga anawanenera. Ndinapempha mwezi umodzi ndi njanji yakunja yokha, kuti ndikonze poti mlendo aziyendetsa popanda kuswa kanthu. Eni injini ija anali m'gulu lofuna chingwe. Koma anati andipatse mweziwo, ndipo adzayesa okha.

Mwezi wa ntchito

Ndinayamba ndi kugula injini yakale ya dizilo kwa wogulitsa zogwiritsidwapo kale ntchito, yapulasitiki, yolemera bwino, yoti ikagwa palibe angalire. Iyi ndiyo ya alendo, ndipo ili ndi nambala yakeyake.

Usiku woyamba ndinathera pa CV5. Ndinayeza mita imodzi panjanji, ndinatenga wotchi ya pafoni, n'kumatsitsa nambala pang'onopang'ono mpaka injini, kagudumu kali pomaliza, inkatenga masekondi 6 kudutsa mitayo. Amenewo ndi ngati makilomita 45 pa ola. Ndinayesa kutsitsanso, koma ndinaona kuti zikufika potopetsa. Mwana akaona kuti sitima yake ikukwawa ngati nkhono pamene za akuluakulu zikumudutsa, amadziwa kuti mwamunamiza. Payenera kukhala kusiyana kooneka pakati pa kuyenda pang'ono ndi kuthamanga, apo ayi kagudumuko n'kokongoletsa chabe. Ndinasinthanso CV6, ya liwiro la pakati, kuti theka la kagudumu lizipereka theka la liwiro. Chenjezo kwa amene mungayese: si decoder iliyonse imene imamvera CV5, makamaka zotsika mtengo kwambiri, ndiye yesani musanakhulupirire.

CV3 ndinaika nambala yaing'ono, yongokwanira kuti mabogi asagwedezeke ponyamuka, koma kuti dzanja likapotokola diso lione pompo kuti china chake chayamba. CV4 ndinaitsitsa kuposa pamenepo. Apa ndi pamene ndinakangana ndi mnzanga wina amene ankati sitima yoima msanga choncho siioneka yeniyeni. Ndinamuyankha kuti mwana akabweza kagudumu ali ndi mantha, sitima iyenera kuima. Zenizenizo adzaziphunzira akabwera kachitatu.

Chinanso chimene ambiri amaiwala chili mu CV29. Muli pamene pamalola decoder kuyendera magetsi a njira yakale ija. Njanji ikadetsedwa kapena uthenga ukasokonekera, decoder ina imaganiza kuti ili pa njira yakaleyo n'kuthawa ndi liwiro lonse, osamveranso rimoti ya aliyense. Ndinatseka pamenepo.

Kenako rimoti yeniyeniyo. Njira zilipo zingapo. Kampani ya Digitrax inapanga karimoti kosavuta kotchedwa UT4, kopanda njira yosinthira ma CV. Rimoti ya kampani ya Roco yotchedwa multiMAUS ili ndi loko wa ana wotseka mbali zina ndi nambala yachinsinsi. Ena amagwiritsa ntchito foni yakale ndi pulogalamu yaulere ya JMRI. Foni ndinaikana msanga. Galasi losalala silipatsa chala pogwira, ndipo mwana maso ake amathera pafoni osati pa sitima. Mnzanga wina wodziwa zamagetsi anandithandiza kupanga kabokosi kathu pogwiritsa ntchito kakompyuta kakang'ono kotchedwa Arduino. Kali ndi kagudumu kamodzi kakakulu koti kamafika pothera, swichi ya kutsogolo ndi kumbuyo imene siigwira ntchito sitima isanaime, batani la nyali, ndi batani la hutala. Basi. Kabokosi kameneka kamadziwa nambala ya injini imodzi yokha padziko lonse lapansi. Tinakamangirira kutebulo ndi waya kuti kasagwe ndiponso kuti woyendetsa aime pamalo pamene akuona njanji yonse.

Batani la hutala lija ndinatsala pang'ono kulisiya poopa phokoso. Ndikuthokoza kuti sindinatero.

Zotsalazo zinali za ukalipentala. M'mphepete monse mwa tebulo tinaikamo pulasitiki yoonekera ngati galasi, yotalika masentimita 10, ndipo pakona ija tinaikweza. Polekanira ponse polumikiza njanji yakunja ndi yamkati tinapakhoma kuti pasatembenuke tsiku la alendo. Magetsi a njanji yakunja tinawapatula, n'kuika swichi kunsi kwa tebulo pamene wa kalabu woima pambali pa mlendo angaifikire ndi dzanja osachita kulanda kanthu m'manja mwa munthu. Ichi chinali chofunika kwa ine kuposa mmene anzanga ankaganizira. Kutsomphola rimoti m'manja mwa mwana pamaso pa anthu n'kumuuza kuti walephera, ndipo ana saiwala zotero.

Kandodo

Panatsala vuto la mzere. Ana akakhala asanu, manja amakhala khumi pa kabokosi kamodzi.

Yankho ndinalipeza m'mbiri ya njanji zenizeni. Pamene njanji ili imodzi, ngati yathu ya kumudzi, choopsa chachikulu ndi sitima ziwiri kukumana mutu ndi mutu. Zinachitika ku Thorpe pafupi ndi Norwich mu 1874, anthu n'kufa. Patapita zaka zochepa Edward Tyer anapanga makina opereka kachizindikiro kachitsulo kwa dalaivala, ndipo lamulo linali lakuti wopanda kachizindikiro salowa m'chigawo chimenecho cha njanji. Ngakhale izi zisanabwere, njanji zina zinkagwiritsa ntchito ndodo imodzi yokha pa chigawo chilichonse.

Ndinasema kandodo kathabwa, ndinakapaka utoto wofiira, ndinakamangirira chingwe chovala m'khosi. Amene wavala kandodo ndiye dalaivala. Amazungulira katatu, amaimitsa sitima pasiteshoni, amavula n'kuveka mnzake. Ana amamvera lamulo limeneli kuposa mawu alionse a munthu wamkulu, chifukwa ukawauza kuti madalaivala enieni ankachita chomwecho, kandodoko kamasanduka ulemu.

Kuyesa

Mwezi utatha, bambo aja anabwera monga analonjezera. Sanandipatse moni wautali. Anavala kandodo m'khosi pamwamba pa juzi yawo, anagwira kagudumu, n'kukapotokola konse kamodzi n'kamodzi mpaka pothera. Injini inanyamuka, inafika pa liwiro lake, inalowa pakona ija n'kutulukapo bwinobwino. Anakankha swichi ya kumbuyo ili mkati moyenda. Palibe chinachitika. Anadina mabatani onse pamodzi ndi chikhatho. Hutala inalira, nyali inazima n'kuyakanso. Anabweza kagudumu mwadzidzidzi, sitima inaima mlatho usanathe.

Anachita zimenezi kwa mphindi khumi, nkhope ili gwa. Kenako anagogoda pulasitiki ya pakona ndi chala n'kunena kuti zomangira zake n'zochepa, ndiwonjezere ziwiri. Anavula kandodo, anandipatsa, n'kupita kukakhala pampando wawo.

Injini yawo ija anaikonza, koma chumuni inakhala yopendekeka pang'ono ndipo utoto wa mbali imodzi sufanana ndi wa mbali inayo. Tsiku la alendo sabweranso nayo. Zimenezi zimandipwetekabe, ndipo palibe kabokosi kamene kangazibweze.

Chaka chotsatira

Achemwali anati mwana akukana kupita. Ndinakamutenga ndekha, ndinamulonjeza kuti palibe amene amukakamize kugwira kanthu. Anaimanso pakona yomwe ija, koma manja ali m'thumba. Anaona kamtsikana ka zaka 5 kakuyendetsa, kakuliza hutala pa nkhosa iliyonse. Anaona bambo wina wa pa njinga ya olumala akuimitsa sitima ndendende pasiteshoni, anthu n'kuwomba m'manja. Anaona agogo ena aakazi akukana kuvula kandodo atazungulira katatu, akuti mwamuna wawo anali ndi tisitima zaka 40 koma sanawalolepo kugwira.

Cha m'ma 3 koloko mzere unatha. Kandodo kanali patebulo.

"Ankolo, ikathamanganso?"

"Potokola konse uone."

Anandiyang'ana ngati ndapenga. Anavala kandodo, anagwira kagudumu ndi zala ziwiri, anasuntha pang'ono. Injini inayankha nthawi yomweyo. Anabweza, inaima. Anayesanso, inaimanso. Anachita zimenezi kasanu sitima isanachoke n'komwe pasiteshoni. Kenako anailola kupita, ndipo ikuyandikira kona ija anachepetsa liwiro yekha, popanda womuuza, mpaka bogi yomaliza itadutsa.

Bambo aja, eni injini ija, anali ataima kumbuyo kwathu, sindinadziwe kuti afika nthawi yanji. Anawerama n'kuuza mwanayo kuti dalaivala weniweni amaliza hutala asanalowe pamlatho. Mwana anadina batani. Pozungulira kachiwiri analiza yekha pamalo pake, ndipo kachitatu anaimitsa sitima pasiteshoni, injini itapitirira pang'ono pothera pulatifomu. Anafunsa ngati angabwerere m'mbuyo kuti akonze. Bambowo anati inde, koma ayambe wayang'ana ngati kumbuyo kulibe munthu.